Kusankha Njinga Yamoto Yothamanga ku Mzuzu: Ya Injini Yapakati Kapena ya Lita Imodzi

Njinga zamoto zambiri zimene zimayenda mumzinda wa Mzuzu ndi za kabaza, za injini ya pakati pa 100cc ndi 150cc, zonyamula anthu ndi katundu kuchokera kumsika waukulu kupita ku Chibavi, Luwinga, Zolozolo, Chiputula, Mchengautuwa ndi madera ena. Pambali pa zimenezi pali kagulu kochepa ka njinga zothamanga kwambiri, zopangidwa motengera njinga za mpikisano, zimene zimalowa m'dziko muno kuchokera ku South Africa, Japan ndi maiko a ku Ulaya, kawirikawiri zitagwira kale ntchito. Munthu wofuna njinga yotere amayenera kusankha pakati pa magulu awiri: ya injini yapakati, kuyambira 600cc kufikira pafupifupi 800cc, ndi ya lita imodzi, ya 1,000cc. Chisankhocho chimadalira msewu umene njingayo idzayendamo, luso la woyendetsa ndi ndalama zoisamalira. Kwa anthu ambiri a ku Mzuzu, zinthu zitatuzi zimaloza ku injini yapakati.

Magulu awiri a njinga

Zilembo za cc zimaimira kukula kwa malo a m'masilinda m'mene petulo ndi mpweya zimapsera. Malo okwana 1,000cc ndi lita imodzi, ndipo m'pamene padachokera dzina la gulu lalikululi. Mphamvu ya injini imayezedwa ndi muyezo wa horsepower, umene umalembedwa mwachidule kuti hp. Njinga ya kabaza ya 150cc ili ndi mphamvu ya 12 hp kapena chapafupi pomwepo.

Gulu la injini yapakati lili ndi mitundu iwiri yosiyana kwambiri. Mtundu woyamba ndi wa masilinda anayi wokonzedwera mpikisano, monga Yamaha YZF-R6, imene idatuluka mu 1999, Honda CBR600RR ya mu 2003, Suzuki GSX-R600 ndi Kawasaki Ninja ZX-6R. Mphamvu ya njinga zimenezi ili pafupi ndi 120 hp, koma imatuluka injini ikamazungulira mofulumira zedi. Pa R6, mphamvu yonse imafika injini ikamazungulira maulendo 14,500 pa mphindi imodzi, ndipo ikamazungulira pang'onopang'ono njingayi imakhala yofatsa. Mtundu wachiwiri ndi wa masilinda awiri, monga Kawasaki Ninja 650 ya pafupifupi 67 hp, Yamaha R7 ya 689cc ndi pafupifupi 73 hp, imene idatuluka mu 2021, komanso Aprilia RS 660 ya 100 hp. Njinga za mtundu umenewu zimakoka bwino kuyambira pansi, ndipo pa zambiri mwa izo woyendetsa sakhala chowerama kwambiri.

M'gulu la lita imodzi muli Yamaha YZF-R1, imene idatuluka mu 1998, Suzuki GSX-R1000 ya mu 2001, Kawasaki Ninja ZX-10R ya mu 2004, BMW S1000RR ya mu 2009 ndi Honda CBR1000RR Fireblade. Zamakono mwa izi zili ndi mphamvu ya 200 hp kapena kuposa, imene ndi yochuluka kuposa ya minibasi yonyamula anthu khumi ndi asanu. Chodabwitsa n'chakuti kulemera kwa magulu awiriwa sikusiyana kwenikweni. Njinga ya 600cc yodzaza mafuta imalemera pafupifupi makilogalamu 190, pamene ya 1,000cc imalemera pafupifupi makilogalamu 200. Kusiyana kwenikweni kuli pa mphamvu imene tayala limodzi lakumbuyo liyenera kupereka ku phula.

Mphamvu ndi liwiro lololedwa

Njinga zambiri za lita imodzi zimadutsa liwiro la makilomita 140 pa ola zili m'giya yoyamba, pamene magiya ake ndi asanu ndi limodzi. Zimachoka poima n'kufika makilomita 100 pa ola m'masekondi atatu okha kapena chapafupi pomwepo. Kuyambira cha m'ma 2000, makampani akuluakulu opanga njinga adagwirizana zoika malire a liwiro pa makilomita 299 pa ola, ndipo njinga za gulu limeneli zimafika pamalirewo. Za 600cc za masilinda anayi nazonso zimapitirira makilomita 100 pa ola m'giya yoyamba.

M'Malawi muno liwiro lololedwa m'mizinda ndi m'malo ochitira malonda ndi makilomita 50 pa ola, ndipo palibe msewu umene umalola kupitirira makilomita 100 pa ola. Kotero njinga ya lita imodzi imaphwanya malire onse a liwiro woyendetsa asanalowe giya yachiwiri. Mwini wake amalipira mphamvu imene sangaigwiritse ntchito pamsewu wa anthu onse popanda kulakwira lamulo.

Masamu a liwiro sasintha ndi mtundu wa njinga. Pa makilomita 50 pa ola, njinga imayenda mamita 14 pa sekondi iliyonse. Pa 100 imayenda mamita 28, ndipo pa 160 imayenda mamita 44. Sekondi imodzi imatha munthu asanagwire n'komwe buleki ataona mbuzi kapena mwana akudumpha msewu. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti njinga iime umawirikiza kanayi. Mabuleki a njinga ya 1,000cc saimitsa njinga msanga kuposa a 600cc, chifukwa malire a kuima amakhala pa tayala ndi phula, ndipo tayala lakutsogolo la magulu awiriwa ndi la msinkhu umodzi wa 120/70-17. Njinga yaikulu imangomufikitsa munthu pa liwiro loopsa mofulumira, m'kamtunda kochepa.

Misewu ya Mzuzu ndi madera ozungulira

Mzuzu, umene udakula kuchokera pa esiteti ya mitengo ya tung ya mu 1947 n'kukhala mzinda mu 1985, uli pamapiri a Viphya, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja ya mchere. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 220,000 mumzindawu. Misewu yake yaikulu, kuphatikizapo Orton Chirwa Avenue ndi mphambano za ku Katoto, imadzaza ndi maminibasi, matakisi, akabaza a njinga zamoto ndi zakapalasa komanso anthu oyenda pansi. M'malo otere njinga ya lita imodzi imavuta. Injini yake imatentha ikamayenda pang'onopang'ono, kutenthako n'kumawomba miyendo ya woyendetsa, giya yoyamba ndi yaitali moti pamafunika kugwira kilatchi pafupipafupi, ndipo chiwongolero sichipindika mokwanira potembenuka pamalo opanikizika. Misewu yambiri yolowa m'makomboni ndi yafumbi, pamene pansi pa njinga zothamanga pamatalikira nthaka ndi masentimita 13 okha kapena chapafupi pomwepo, kotero zitumbira zochepetsa liwiro ndi maenje zimaswa mapulasitiki ndi mapaipi a utsi.

Kunja kwa mzinda kuli misewu itatu imene oyendetsa njinga zothamanga amaikonda. Msewu wa M5 wopita ku Nkhata Bay, wa makilomita pafupifupi 47, umatsika mamita oposa 700 kufikira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, ndipo uli ndi makona ambiri otsatizana. Msewu wa M1 wolowera kummwera umadutsa m'nkhalango ya Chikangawa, kumene nkhungu imatseka njira mwadzidzidzi ndipo mathiraki a matabwa amayenda pang'onopang'ono pazitunda. Msewu womwewo wolowera kumpoto umadutsa pa Ekwendeni n'kukafika pamtsetse wa Chiweta, wa makona akuthwa, umene mumadutsa matanka a mafuta ndi malole ochokera kuchipata cha Songwe. M'misewu yonseyi mbali zoongoka ndi zazifupi, ndipo chimene chimafunika ndi njinga yomvera pokhota ndi yosavuta kuyilamulira potuluka pakona. Imeneyi ndiyo ntchito imene njinga ya injini yapakati imaigwira bwino.

Nyengo nayo ili ndi gawo. Mvula ya ku Mzuzu imayamba cha mu Novembala n'kupitirira mpaka Epulo, ndipo mvula yamawawa ndi kuzizira zimabwera m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Matayala a njinga zothamanga amagwira bwino phula akatentha. M'mawa wozizira, kapena pa phula lonyowa limene padontha dizilo kapena pagwa masamba a paini, mphamvu ya 200 hp imatereretsa tayala lakumbuyo woyendetsa akangowonjezera moto pang'ono mopitirira. Kutalika kwa malo kumachepetsa mphamvu ya injini ndi gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kuposerapo pang'ono, chifukwa mpweya wa kumapiri ndi wopepuka, koma ngakhale njinga ya 67 hp imatsalabe ndi mphamvu yokwanira kupitirira lole pachitunda popanda vuto.

Ulendo wa ku Nyika, ku Usisya kapena wokwera msewu wakale wa Golodi kupita ku Livingstonia suyenera gulu lililonse mwa awiriwa. Misewu yamiyala ndi yafumbi ili ndi njinga zake za matayala aatali ndi masipuling'i ofewa.

Pabwalo la mpikisano

Njinga ya lita imodzi idapangidwira bwalo la mpikisano, malo otchingidwa a phula losalala kumene njinga zonse zimalowera mbali imodzi, kulibe oyenda pansi kapena ziweto, m'mbali mwa makona muli malo opulumukirapo, ndipo ambulansi imakhala yokonzeka. Mzuzu ulibe bwalo lotere. Mabwalo odziwika a m'chigawo chino cha Africa ndi Donnybrook ku Harare m'dziko la Zimbabwe, komanso Kyalami ku Midrand pafupi ndi Johannesburg, Zwartkops pafupi ndi Pretoria ndi Killarney ku Cape Town m'dziko la South Africa. Bwalo la Kyalami lidatsegulidwa mu 1961, lero ndi lotalika makilomita 4.5, ndipo mpikisano wa dziko lonse wa Superbike udachitikirako komaliza mu 2010. Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Johannesburg pamsewu ndi mtunda woposa makilomita 2,000, kudutsa malire a maiko angapo, ndipo njinga imafunika zikalata zotulukira ndi kulowera m'maikowo. Munthu wogula njinga ya 1,000cc ndi cholinga chokathamanga pabwalo ayenera kuwerengera masiku amene adzakhaladi pabwalopo pachaka, n'kuwayerekeza ndi masiku amene adzayende pakati pa Katoto ndi Luwinga.

Ngakhale pabwalo penipeni, njinga yaikulu siyopambana nthawi zonse. Imasiya inzake pambali zoongoka, koma pamakona liwiro la magulu awiriwa limafanana. Pabwalo lalifupi ngati Zwartkops, la makilomita 2.4, katswiri wa pa 600cc amasiya kutali wophunzira wa pa 1,000cc. Njinga yapakati imaphunzitsa munthu kusankha njira yabwino pakona, kugwira buleki panthawi yake ndi kusunga liwiro, chifukwa akalakwitsa alibe mphamvu yochuluka yobisira cholakwacho. Akatswiri a mpikisano amakwera makwerero omwewa. Brad Binder wa ku South Africa adatenga chikho cha dziko lonse cha Moto3, cha njinga za 250cc, mu 2016, adathamanga zaka zitatu m'gulu lapakati la Moto2, kenaka adalowa mu MotoGP ya 1,000cc mu 2020 n'kupambana mpikisano wa ku Brno chaka chomwecho. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo pa njinga yamoto mwambiwu umasunga moyo.

Mtengo wosamalira njinga

Mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Thanki ya njinga zothamanga imalowa malita 13 mpaka 18. Njinga ya lita imodzi imamwa malita 6 kapena 7 pa makilomita 100 ikamayendetsedwa modekha, pamene ya masilinda awiri ya 650cc imamwa malita 4 kapena 5. Mtunda wa Mzuzu ndi Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 360, kotero njinga yaikulu iyenera kumwetsedwa panjira, monga pa Jenda kapena ku Kasungu, ndipo panthawi imene mafuta akusowa zimenezi zimatha kuimitsa ulendo. Injini za masilinda anayi za magulu onse awiri zimapanikiza mpweya kwambiri, motero zimafuna petulo wabwino. Petulo wa m'zigubu wogulitsidwa m'mbali mwa msewu angathe kuwononga injini yotere. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba ntchito. Ethanol amakoka chinyezi, choncho njinga yoimikidwa miyezi ingapo m'nyengo ya mvula imafunika kuyang'anitsitsa thanki ndi mapaipi a mafuta, makamaka ikakhala yakale.

Tayala lakumbuyo la njinga ya 1,000cc ndi lalikulu, la 190 kapena 200, pamene la 600cc ndi la 180 ndipo la Ninja 650 ndi la 160. Mphamvu yochuluka imadya tayala, tcheni ndi mabuleki mofulumira. Mashopu ambiri a zipangizo za njinga ku Mzuzu amasunga zipangizo za njinga za kabaza, ndipo matayala ndi zipangizo za njinga zothamanga nthawi zambiri zimaitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja. Njinga zamakono za lita imodzi zili ndi makompyuta ambiri olamulira injini, mabuleki ndi kuterereka kwa tayala, ndipo zikavuta pamafunika makina apadera owerengera vutolo. Injini ya masilinda awiri ndi yosavuta kwa makaniko wodziwa ntchito yake, ndipo zipangizo zake zimapezeka mosavuta popeza injini yomweyo imaikidwa pa njinga za mitundu ingapo. Njinga ikagwa, ngakhale itaima, mapulasitiki a m'mbali amasweka, ndipo a njinga zazikulu ndi okwera mtengo.

Zofuna za lamulo

Lamulo la Road Traffic Act la 1997 limakhudza njinga yamoto iliyonse yoyenda pamsewu wa anthu onse. Ziphaso zoyendetsera za m'dziko muno zimatsata ndondomeko ya maiko a SADC. Chiphaso cha A1 ndi cha njinga zosapitirira 125cc, ndipo njinga zonse zotchulidwa pano zimafuna chiphaso cha A. Chiphaso choyendetsera galimoto sichilowa m'malo mwa chiphaso cha njinga. Njinga iyenera kulembetsedwa ku nthambi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene anthu amangoitchula kuti Road Traffic ndipo ili ndi ofesi ku Mzuzu. Iyeneranso kukhala ndi nambala yooneka bwino, chiphaso cha COF chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena. Njinga yochokera kunja imayamba yadutsa ku Malawi Revenue Authority kuti msonkho ulipiridwe. Woyendetsa ndi wokwera kumbuyo onse ayenera kuvala chipewa choteteza mutu. Kuyendetsa mosasamala ndi mlandu, ndipo kupikisana pamsewu wa Nkhata Bay kapena wa Ekwendeni kumaika pachiswe moyo wa anthu amene sadalowe nawo mpikisanowo. Inshuwalansi wamba ya pamsewu kawirikawiri siilipira ngozi yochitikira pabwalo la mpikisano.

Chiphaso cha A chimalola munthu kuchoka pa 150cc n'kukwera 1,000cc tsiku lomwelo, koma chilolezo cha lamulo sichipereka luso. Maiko a European Union adaika sitepe yapakati mu 2013, chiphaso cha A2, chimene chimalola njinga yosapitirira 47 hp. Wachinyamata amakhala nacho zaka ziwiri asanaloledwe kukwera njinga ya mphamvu iliyonse. Woyendetsa wa ku Mzuzu angathe kudziikira yekha sitepe yotere.

Pogula njinga yogwira kale ntchito

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njinga yonyezimira ingathe kukhala kuti idagwapo kapena idathera moyo wake pabwalo la mpikisano. Wogula ayenera kuyerekeza nambala ya chesisi ndi ya injini ndi zimene zalembedwa pa zikalata, ndi kutsimikiza kudzera kupolisi kuti njingayo siyobedwa. Zizindikiro za kugwa ndi zokanda kunsonga za zogwirira ndi zopondapo, mapulasitiki atsopano pa njinga yakale, ndi mafoloko odontha mafuta. Timabowo tating'ono tobooledwa pamitu ya mabawuti timasonyeza kuti njingayo idamangidwapo waya wa mpikisano. Manambala anayi omaliza a chidindo cha DOT pambali pa tayala amatchula sabata ndi chaka chimene tayalalo lidapangidwa, ndipo tayala lakale limauma ngakhale mapanga ake akuoneka akuya.

Njinga zakale za lita imodzi, za chaka cha 2009 chisanafike, zimagulitsidwa motchipa ndipo zimakopa ambiri, koma zambiri zilibe mabuleki a ABS kapena makina oletsa tayala kuterereka. Mabuleki a ABS amaletsa tayala kumangika munthu akagwira buleki mwadzidzidzi, ndipo ku European Union adakhala okakamiza pa njinga zatsopano zoposa 125cc kuyambira mu 2016. Pamisewu yonyowa ya ku Viphya, njinga yapakati yokhala ndi ABS ndi yabwino kuposa yaikulu yopanda ABS.

Zovala zodzitetezera

Ndalama ya zovala iyenera kupatulidwa njinga isanagulidwe. Bungwe la World Health Organization lidafalitsa kuti kuvala bwino chipewa choteteza mutu kumachepetsa chiopsezo cha imfa ndi magawo 42 pa 100, ndi cha kuvulala m'mutu ndi magawo 69 pa 100. Chipewa choyenera ndi chophimba nkhope yonse, chokhala ndi chizindikiro cha muyezo wodziwika monga ECE 22.05 kapena 22.06, ndipo lamba wake azimangidwa. Pamafunikanso jekete ndi buluku zokhala ndi zotetezera zigongono, mapewa, msana ndi mawondo, magulovu, ndi nsapato zophimba akakolo. Mabwalo a mpikisano amafuna suti yachikopa. Munthu wovulala ku Chikangawa kapena ku Chiweta amakhala kutali ndi Mzuzu Central Hospital, chipatala chachikulu cha chigawo cha kumpoto, ndipo nthawi yofikira kumeneko ndi yaitali.

Mfundo zotsogolera posankha

Munthu amene wangochoka pa njinga ya 125cc kapena 150cc ayenera kuyamba ndi njinga ya pakati pa 300cc ndi 500cc asanaganizire gulu lililonse mwa awiriwa.

Woyendetsa wa zaka zingapo amene maulendo ake ndi a mumzinda, a ku Nkhata Bay, Karonga ndi Lilongwe amathandizidwa bwino ndi njinga ya masilinda awiri ya 650cc mpaka 800cc yokhala ndi ABS. Imakoka kuyambira pansi, imamwa mafuta ochepa, siitopetsa msana ndi manja, ndipo imanyamula wokwera kumbuyo mosavutikira kwambiri.

Amene akufuna kuphunzira kuthamanga pabwalo ndipo ali ndi njira yofikira ku Harare kapena ku South Africa angasankhe 600cc ya masilinda anayi, podziwa kuti pamsewu wamba ndi youma ndi yotopetsa.

Njinga ya lita imodzi imayenera munthu amene wathamanga kale pabwalo ndi njinga yapakati mpaka kuimaliza mphamvu zake, amene angathe kugula matayala ndi zipangizo panthawi yake, ndipo ali ndi kudziletsa kosunga magiya apamwamba kufikira tsiku la kubwalo. Pamsewu wa M1 ndi M5, njinga yotere imafika ku Nkhata Bay kapena ku Ekwendeni nthawi yofanana ndi ya 650cc ngati onse awiri akutsata malire a liwiro.